Switch ndi toggle: kusankha njira n'kosiyana ndi kutembenuza

Mayi ena a m'kalasi langa lamadzulo, amene amagulitsa zitenje ndipo ayamba kulemba za malonda awo pa kompyuta, anabwera tsiku lina nkhope itagwa. Imelo yawo inali itakana kutseguka chifukwa analemba pasiwedi yolakwika kangapo, koma iwo ankalumbira kuti sanaphonye chilembo ngakhale chimodzi. Ankanena zoona. Nditasuzumira pa kiyibodi, ndinaona kanyale ka Caps Lock kakuyaka. Anali atadina batanilo kuti alembe chilembo chachikulu choyambirira, n'kumaganiza kuti akachotsa chala libwerera lokha monga limachitira la Shift. Zilembo zonse zotsatira zinalowa zazikulu, ndipo poti pasiwedi imaoneka timadontho tokha, panalibe chowachenjeza.

"Nanga aphunzitsi, munthu angadziwe bwanji kuti batani ili limagwiririra, ilo limasiya?" Funso lawoli ndi limene landilembetsa nkhaniyi, chifukwa yankho lake lagona pa mawu awiri a Chingerezi amene timakumana nawo tsiku ndi tsiku m'mafoni ndi m'mabuku a malangizo: switch ndi toggle. Ndisanayambe kuphunzitsa za makompyuta ndinkalumikiza magetsi m'nyumba za anthu, choncho mawuwa ndawagwira ndi manja asanasamukire pa galasi la foni.

Switch ndiye wamkulu pa awiriwa. Kalelo, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, Angerezi ankatchula dzinali kamtengo kowonda, kopindika mosavuta, konga kamene mnyamata amakusira ng'ombe pangolo. Njanji zitabwera, dzinali linapita pa zitsulo zosuntha zimene zimapatutsa sitima kuchoka pa njanji ina kulowa ina. Amene anafikako pa Nkaya m'boma la Balaka, pamene njanji yochokera ku Blantyre imakumana ndi yolowera ku Nayuchi mpaka ku Nacala, akudziwa chomwe ndikunena: sitima ndi yomweyo, koma kumene ikafike kwatengera mbali imene zitsulozo zakankhidwira. Amagetsi anabwereka ganizo lomweli. Mu 1884 John Henry Holmes wa ku Newcastle upon Tyne anapanga switchi ya getsi yokhala ndi sipuling'i yolekanitsa zitsulo mwachangu, kuti moto wothetheka usamaziotche.

Tsono switchi ndi chosankhira njira, ndipo njirazo zingakhale ziwiri, zitatu kapena makumi. Kopotokola ka pa fani kali ndi 0, 1, 2 ndi 3. Kabokosi ka netiweki ka mu ofesi, kokhala ndi mabowo 8, 24 kapena 48, nakonso dzina lake ndi switch, chifukwa ntchito yake ndi kuona kuti uthenga uwu ngwa kompyuta iti n'kuulozera komweko. Natswitch, imene inayamba mu 2015, ndiyo imachititsa kuti khadi la banki ina litulutse ndalama pa ATM ya banki inzake. Palibe chimene ikuyatsa kapena kuzimitsa, ikungolondolera pempho lanu kwa eni ake. Foni ikakufunsani ngati mukufuna kusamutsa data kuchoka pa SIM ya TNM kupita pa ya Airtel, mawu amene imagwiritsa ntchito ndi switch to, ndipo nthawi zonse imatchula kumene mukupita.

Switchi imene ndimaiopa ndi kuilemekeza kuposa zonse ndi ya jenereta, imene amisiri timaitcha changeover. Ili ndi malo atatu: I wa magetsi a ESCOM, II wa jenereta, ndi 0 pakati. Zitsulo zake anazipanga moti mbali ziwirizo sizingalumikizike nthawi imodzi. Munthu akaizemba n'kulowetsa jenereta pa soketi ya pakhoma, magetsi ake amabwerera m'mawaya a panja, ndipo mmisiri amene wakwera pa pholo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wayawo ndi wozizira akhoza kufera pomwepo. Ndimanena izi paliponse pamene ndapeza mpata, ngakhale pa nkhani ya mawu ngati ino.

Toggle anabadwira pamadzi. Amalinyero a m'zaka za m'ma 1700 ankatchula choncho kachikhomo kamene ankapisa pa diso la chingwe n'kukapingasa kuti chingwecho chisapulumuke. Mabatani aatali amtengo a pa majasi ena a m'mayiko ozizira ali ndi dzina lomweli mpaka lero. Cha m'ma 1916 ku America kunatuluka switchi ya kamkono kotukula ndi kutsitsa, ya William J. Newton, ndipo inatchedwa toggle switch. Kamkonoko sikaima pakati. Sipuling'i imakagwetsera uku kapena uko. A makompyuta atalitenga dzinali analisandutsa mneni, kutanthauza kuchita chinthu chimodzi chomwecho kuti zimene zilipo zitembenuke: choyaka chizime, chozima chiyake.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndimakonda kuifotokozera kukhitchini. Mukamakazinga chambo, kutembenuza kamodzi kumaika mbali yaiwisi pamoto. Mukatembenuzanso, yabwerera mbali yoyamba ija. Dzanja lachita zofanana kawiri konse, koma zotsatira zake zatengera mmene nsombayo inagonera musanaikhudze. Toggle ndi zimenezo. Yerekezaninso kuti mwatuma mwana kuchipinda. Mukati "kazimitse getsi", akalipeza lozima kale abwerako osachita kanthu, ndipo chipinda chikhala mumdima monga munafunira. Koma mukati "kadine batani lija", akalipeza lozima aliyatsa, chipinda chonse ngwee, pamene inu muli phee kuganiza kuti lazima. Lamulo loyamba likutchula kumene mukufuna kufika. Lachiwiri likungoti tembenuza, ndipo silisamala kuti munayambira pati.

N'chifukwa chake toggle aliyense ndi mtundu wa switchi, koma si switchi iliyonse imene ili toggle. Caps Lock ndi toggle, Num Lock (batani loyatsira manambala a kumanja kwa kiyibodi) chimodzimodzi. Ctrl ndi B mu Word zimanenepetsa zilembo, mukabwereza zimaziwondetsa. Batani lofiira la pa rimoti ya TV ndi limodzi loyatsira ndi kuzimitsira, ndipo amene analidinapo kawiri poona kuti TV ikuchedwa kuyaka akudziwa mmene zimathera. Shift ndi mtundu wina: ali ngati hutala ya galimoto, imene imalira pokhapo dzanja lili pomwepo.

Ngakhale pakhoma zimenezi zilipo. Kwathu kuno timatsata kachitidwe ka ku Britain, kuti switchi ikatsika pansi ndiye kuti yayaka. Ku America n'zosemphana, imayaka ikakwera. Ubwino wa switchi yotere ndi woti imanena zoona ngakhale magetsi atathima: mukhoza kuyendera nyumba ndi tochi n'kuonetsetsa kuti ya ayironi ndi ya kuka zili m'mwamba musanagone. Koma getsi la pakhonde lalitali kapena pamasitepe, lokhala ndi maswitchi awiri, ina uku ina uko, silitero. Pamenepo kutsika kapena kukwera sikutanthauza kanthu, chifukwa zatengera mmene inayo yaimira. Switchi wamba yasanduka toggle, ndipo magetsi akathima simungadziwe ngati babulo lidzayaka akabwera. Mmisiri wabwino sakhulupirira switchi yoteroyo posintha chogwirira babu; amakazimitsa pa bokosi lalikulu.

Pa foni vuto limakula chifukwa palibe kamkono koti mukhudze, pali chithunzi chokha. Ndipo opanga mapulogalamu sanagwirizane chimodzi: zithunzi zina zimaonetsa mmene zinthu zilili, zina zimaonetsa zimene zichitike mukadina. Kachizindikiro ka Wi-Fi kakawala, ndiye kuti Wi-Fi ndi yoyaka panopa. Koma pa nyimbo, mukaona timizere tiwiri toimirira, sindiye kuti nyimbo yaima. Ikuimba, ndipo timizereto tikukuuzani kuti mukadina iima. Batani la maikolofoni pa Zoom, pulogalamu yochitira misonkhano pa intaneti, lasokoneza anthu ambiri pa chifukwa chomwechi, mpaka zokamba za m'nyumba kumveka pa msonkhano. Kwa ine uku ndi kulakwa kwa opanga, osati kwa ogwiritsa ntchito. Batani lotembenuza liyenera kunena poyera mbali imene lili, ndi mawu kapena mtundu wosakayikitsa, makamaka pa zinthu zodya ndalama ngati data ndi hotspot, zimene zikatsala zoyaka usiku bandulo imapezeka itatha m'mawa.

Eni chilankhulo nawonso amasakaniza. Kabatani kotsetsereka ka mu iPhone, akatswiri a Apple ankakatcha UISwitch, koma m'zida zatsopano zimene anatulutsa mu 2019 anakatcha Toggle. Android ili ndi Switch komanso ToggleButton, zonse za mbali ziwiri. Mu Excel, pulogalamu yowerengetsera manambala m'timabokosi, batani la F4 limazungulira njira zinayi zolembera dzina la kabokosi, A1, $A$1, A$1 ndi $A1, koma ambiri amalitchabe toggle. Ine ndikamaphunzitsa ndimasunga dzinali pa zinthu za mbali ziwiri zokha, ndipo za F4 ndimati kuzungulira.

M'Chichewa tili ndi mawu okwanira, kungoti timathamangira "sinthani" pa chilichonse. Switch on ndi switch off ndi kuyatsa ndi kuzimitsa. Switch to ndi kusamukira kapena kusinthira ku chakuti, ndipo chakuticho chitchulidwe. Toggle ndi kutembenuza. Womasulira malangizo a foni akalemba kuti "yatsani data" pamene batanilo ndi lotembenuza, ayenera kuwonjezera kuti "ngati ndi yozima", apo ayi wowerenga amene data yake inali yoyaka kale aizimitsa potsatira malangizowo mokhulupirika.

Mayi a zitenje aja ndinawatsegulira mbali ya Windows yotchedwa Toggle Keys, imene imaliza kabelu nthawi iliyonse Caps Lock, Num Lock kapena Scroll Lock akadinidwa, ndi kamvekedwe kosiyana poyaka ndi pozima. Imayatsidwa pogwira Num Lock kwa masekondi 5, kapena kudzera m'makonzedwe a kiyibodi. Anaiyesa kangapo khutu lili tcheru, kenako anafunsa ngati chilembo chachikulu cha pasiwedi angamachilembe ndi Shift basi. Ndinati inde mayi, ndipo imelo ija inatseguka ulendo woyamba.