Majete ndi mathithi a Kapichira: mbiri ya chigwa cha Shire kwa opita kukacheza ndi banja

Mukachoka ku Blantyre pa msewu wa M1, mumatsika phiri lokhotakhota mpaka ku Thabwa, kenako mumaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Ulendo wonse kukafika pa chipata cha malo osungira nyama a Majete ndi wa makilomita pafupifupi 70. Potsika phiri muziyenda ndi giya yaing'ono. Oyendetsa ambiri amangodalira mabuleki, ndipo mabulekiwo akatentha amasiya kugwira galimoto isanafike pansi.

Chimene chinatchukitsa dera limeneli poyamba si nyama ayi, koma miyala ya mu mtsinje. Kuyambira ku Matope, Shire amagwa m'mathithi otsatizana monga Nkula, Tedzani ndi Mpatamanga, ndipo omaliza ndi a Kapichira. Mu Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinjewu ndi sitima yake ya Ma Robert, akuyembekeza kuti apeza njira ya pamadzi yolowera mkati mwa dziko. Atafika pa Kapichira sitima inalephera kupitirira. Mathithiwo anawapatsa dzina la Murchison, koma dzina lomwe lakhazikika ndi la eni dera. Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala amene anali nawo pa maulendowo, anamwalira mu 1863 ndipo manda ake ali chakufupi komweko.

Amene anasintha kwambiri moyo wa kuchigwa ndi Amakololo, omwe Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi. Iye atachoka iwo anatsala, ali ndi mfuti, nayamba kulamulira Amang'anja omwe anali atafooka ndi njala komanso nkhondo za ogula akapolo. Maina a mafumu ngati Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa anachokera kumeneko.

Majete inakhazikitsidwa ngati malo osungira nyama mu 1955, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 700. Koma kulemba malire papepala sikuteteza nyama. Alonda anali ochepa, mpanda kunalibe, makala ankaotchedwa mkati momwemo, ndipo pofika 1992 njovu zonse zinali zitatha. Kwa zaka zambiri munthu ankatha kuyenda tsiku lonse osaona kanthu kupatula anyani.

Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse malowa. Chaka chomwecho zipembere zakuda zinabwezedwa, njovu zinayamba kufika mu 2006 kuchokera ku Liwonde, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018. Zambiri mwa nyama zikuluzikulu zimene ana anu adzaloze ndi chala zinachita kubweretsedwa kuchokera kwina, kapena ndi ana a zimene zinabwera choncho. Njovu zinaswana mpaka mu 2017 zina zinatengedwa kupita ku Nkhotakota. Mpanda wa magetsi wozungulira malo onse ndi umene unachepetsa mikangano ndi midzi yoyandikana nayo, chifukwa njovu imodzi imatha kumaliza munda wa chimanga usiku umodzi.

Pa Kapichira pomwepo pali malo opangira magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130. Namondwe Ana anawononga damu lake mu Januwale 2022, ndipo dziko lonse linamva kuwawa kwa kuzimazima kwa magetsi. Chigwachi n'chokongola, koma madzi ake sachita masewera, n'chifukwa chake miyezi ya Januwale mpaka Malichi si yoyendera ndi ana: misewu yafumbi imasanduka matope ndipo udzu umabisa nyama.

Nthawi yabwino ndi Juni mpaka Seputembala, pamene nyama zimasonkhana ku Shire ndi ku mtsinje wa Mkulumadzi kudzamwa. Okutobala ndi Novembala nyama zimaoneka bwino kwambiri, koma kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, zomwe ana aang'ono ndi agogo sapirira. Zungulirani m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, mutenge madzi akumwa osachepera malita atatu pa munthu, ndipo mugone mu neti popeza malungo kuchigwa sasowa. M'mbali mwa mtsinje musalole mwana kutsika m'galimoto kukasamba m'manja. Ng'ona imabisala pamadzi osafika n'komwe m'mawondo, ndipo mvuu ikakhala kumtunda imathamangira kumadzi osasamala za amene waima panjira yake.