Kukhala ndi tiubweya sikutanthauza kuti ndi pachibale

Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsidwa kuti kachilombo kalikonse ka selo imodzi kokhala ndi tiubweya tosambirira ndi ka gulu la ma ciliate, ndipo kuti ndi kanyama kachibale cha amoeba (kachilombo ka selo imodzi kosinthasintha maonekedwe). Zonse ziwiri n'zolakwika.

Taonani kachilombo ka selo imodzi kotchedwa Opalina, komwe kamakhala m'matumbo a achule. Thupi lake lonse ndi tiubweya, koma si ciliate. Ma suctoria, gulu lina la tizilombo ta selo imodzi, nawo akakula sakhala ndi kaubweya ngakhale kamodzi, amayamwa chakudya ndi timachubu, komabe ndi ma ciliate enieni. Tiubweya timaoneka pa ana awo okha.

Chizindikiro chodalirika chili mkati mwa selo. Ciliate imakhala ndi manyukiliyasi (tizigawo ta selo tosunga DNA) amitundu iwiri: wamkulu woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndi wamng'ono wosunga chibadwa chopatsira mbadwo wina. Manyukiliyasi a Opalina ndi ofanana onse. Akatswiri amadayanso maselo ndi mankhwala a siliva otchedwa protargol kuti mizere ya mizu ya tiubweya ioneke pa maikulosikopu, kenaka amayerekeza ndondomeko ya DNA ya jini yotchedwa 18S rRNA.

Maso okha amanyenga. Mu 1975 katswiri wa sayansi Tracy Sonneborn anagawa ciliate yotchedwa Paramecium aurelia kukhala mitundu 14 yofanana maonekedwe koma yosaberekana.

Nanga abale a ma ciliate ndani? DNA imawaika m'gulu la Alveolata, lodziwika ndi timatumba tophwaphwatika pansi pa khungu la selo. M'gulumo mulinso ma dinoflagellate (tizilombo ta m'madzi ta selo imodzi) ndi Plasmodium, kachilombo koyambitsa malungo. Motero Paramecium ya m'chithaphwi ili pafupi ndi kachilombo ka malungo kuposa ndi amoeba yomwe imasambira nayo limodzi.