Hatchi ikatsamiritsa chipumi pakhoma

Pa ntchito yathu ya udokotala wa ziweto pali chinthu china chimene ukachiona kamodzi sichichoka m'maso. Hatchi yaima pakona pa khola, yatsamiritsa chipumi pakhoma n'kumakankha ngati ikufuna kuliboola. Mlomo wam'munsi walendewera, udzu uli m'kamwa wosatafuna, maso ali lefuu ngati yagwidwa ndi tulo. Mukaikoka kuti iyende, miyendo ikupingana, ikudzandira ngati yaledzera, kenaka ikuyamba kuzungulira mbali imodzimodzi. Mwiniwake amathamangira kuganiza kuti yadya chomera chakupha kapena yamenyetsa mutu penapake. Ife maganizo amapita ku kutupa kwa ubongo, matenda amene m'chipatala timawatcha encephalitis.

Mavairasi oyambitsa kutupaku ndi angapo, ndipo maina awo anatengera kumene anapezeka. Wa Western anam'tulukira mu 1930 ku California, wa Eastern mu 1933 chakum'mawa kwa United States, wa Venezuelan mu 1938. Palinso West Nile, yemwe anapezeka koyamba m'magazi a munthu ku Uganda mu 1937. Ameneyu atafika ku New York mu 1999 anafalikira ngati moto wolusa, moti mu 2002 mokha mahatchi pafupifupi 15,000 anadwala m'dzikomo. Ku Asia nako kuli Japanese encephalitis.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti matendawa kwenikweni si a hatchi ayi. Nyumba ya ambiri mwa mavairasiwa ndi mbalame zakutchire. Udzudzu umaluma mbalame ya kachiromboka, n'kukaluma ina, n'kumangozungulira choncho m'madambo popanda munthu kudziwa. Mwachitsanzo, vairasi wa Eastern amayendetsedwa ndi udzudzu wotchedwa Culiseta melanura, umene umakonda magazi a mbalame basi. Tsoka limabwera pamene udzudzu wa mtundu wina, wosasankha poluma, wayamwa mbalame yodwala lero, patapita masiku n'kukatera pa hatchi kapena pa munthu. N'chifukwa chake matendawa amabuka nyengo yofunda, mvula ikasiya zithaphwi paliponse.

Kachiromboka kakalowa m'thupi kamayamba kachulukana mwakachetechete. Hatchi imatentha thupi, imanyanyala chakudya, ndipo zina zimathera pomwepo n'kuchira mwiniwake osazindikira kanthu. Koma kakafika mu ubongo ndi m'mitsempha ya mumsana, m'pamene timaona zija ndafotokoza poyamba zija. Wa West Nile amakonda kunjenjemeretsa timinofu ta pamphuno ndi pamilomo, n'kufooketsa miyendo yakumbuyo. Mwa mahatchi atatu oonetsa zizindikiro zake, imodzi imafa. Wa Eastern ndiye alibe chisoni: mwa mahatchi 10 odwala, 8 kapena 9 amafa, kawirikawiri pasanathe masiku atatu chiyambire kudzandira. Opulumuka ena ubongo subwereramo bwinobwino.

Funso limene timalandira nthawi zonse n'lakuti, "Kodi isapatsira zinzake? Nanga anawa?" Pa Eastern, Western ndi West Nile, yankho n'lakuti ayi. M'magazi a hatchi mumakhala mavairasi ochepa kwambiri moti udzudzu woiluma sutengapo kanthu. Ulendo wa kachiromboka umathera pa iyo. Komatu musapume nazo. Hatchi yodwalayo ikukuuzani kuti udzudzu wa pamalopo uli ndi kachirombo, ndipo udzudzu womwewo ukuluma inu. Kwa anthu, Eastern amapha pafupifupi mmodzi mwa atatu amene ubongo wawo watupa. Wa Venezuelan yekha ndiye wosiyana: mitundu yake ina imachulukana kwambiri m'magazi a hatchi ndi abulu, udzudzu n'kumatapa pamenepo. Mliri wa mu 1995 ku Venezuela ndi Colombia unadwalitsa anthu zikwizikwi mwa njira imeneyi.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali cholakwa chimene chingatengetse moyo. Hatchi ikamavutika kumeza, dovu likuchucha, munthu amafuna kupisa dzanja m'kamwa kuti aone ngati yatsamwa. Musatero. Chiwewe chimagwiranso mahatchi, ndipo ndi maso okha ngakhale dokotala wozama sangachisiyanitse ndi kutupa kwa ubongo kobwera ndi udzudzu. Palinso vairasi wa herpes wa mahatchi, amene amalumalitsa miyendo ndipo iyeyo amapatsirana kudzera m'mamina ndi m'ziwiya zomwera. Choncho yodwalayo ipatuleni, valani magolovesi, itanani dokotala. Chenicheni chimadziwika ku labotale akayeza magazi kapena madzi a mumsana. Ikafa amayeza ubongo weniweniwo.

Mankhwala opha mavairasiwa kulibe, ndipo maantibayotiki sathandiza. Chimene timachita n'kuichirikiza hatchiyo kuti thupi lake lidzimenyere lokha: jekeseni wochepetsa kutupa ndi kutentha, diripi ngati sikumwa, khola lamdima pang'ono lopanda phokoso, udzu wambiri pansi ndi zofewa m'makoma kuti isadzivulaze. Ikagwa osadzukanso nkhani imavuta, pakuti chinyama cholemera makilogalamu 500 chikagonera mbali imodzi maola ambiri minofu ndi mapapo zimaonongeka. Pamenepo timakambirana ndi mwiniwake zoipha mwachifundo kuti isazunzike.

Ine ndikakumana ndi hatchi yotere chimandiwawa n'chakuti katemera alipo, ndipo amagwira ntchito. Hatchi yomwe sinalandirepo imabayidwa kawiri, motalikiranitsa masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, kenaka kamodzi chaka chilichonse. Nthawi yake ndi udzudzu usanachuluke, chifukwa chitetezo chimatenga masabata kuti chikhwime. Kubaya mnansi wanu atataya kale hatchi n'kuchedwa. Kumadera kumene udzudzu sutha chaka chonse madokotala amabwereza kawiri pachaka. Zotsalazo n'zapakhomo: momwera madzi muzitsukidwa sabata iliyonse, matayala akale ndi zitini zisasunge madzi, ndipo madzulo ndi m'bandakucha, pamene udzudzu umalusa, mahatchi azikhala m'khola.