Mbendera ya pa mwezi inasokedwa pansi pano

Ndikangomaliza kukamba za maulendo a mumlengalenga, sipalephera kuimirira wina n'kunena kuti, "Bambo, dziko likangotumiza munthu mmodzi kumwambako, ndiye kuti latchuka basi." Mawu amenewa andikwana. Anthu amaona mbendera ya America itaima pa mwezi pa 20 July 1969 n'kumaganiza kuti ulemerero unali m'nsalu ija. Kumbuyo kwa Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin, amene anaimika mbenderayo, kunali anthu pafupifupi 400,000: owotcherera zitsulo, akatswiri a masamu, ngakhale amayi amene ankasoka zovala za oyenda mumlengalenga, podziwa kuti singano ikangophonya pamodzi munthu afa.

Soviet Union itaponya Sputnik, setilaiti yoyamba kuzungulira dziko lapansi, pa 4 October 1957, America inagwidwa manyazi. Chaka chotsatira inakhazikitsa NASA, bungwe loona za maulendo a mumlengalenga, komanso inapanga lamulo lothira ndalama m'maphunziro a sayansi ndi masamu. Anathamangira m'kalasi. India nayo inaulutsa karoketi koyamba pamalo otchedwa Thumba mu 1963, koma chombo chake Chandrayaan-3 chinatera pa mwezi pa 23 August 2023. Werengani nokha, ndi zaka 60, ndipo mu 2019 chombo chake china chinali chitaphwanyika potera. Injiniya amene dziko lidzamufune zaka 20 zikubwerazi ali ku pulayimale lero. Mukachedwa kumupatsa mphunzitsi wa masamu, palibe nduna imene idzamutulutse m'thumba tsiku lofunikalo.

Sindikukana kuti maulendowa amakhudza mtima. Chithunzi chimene woyenda mumlengalenga William Anders anajambula pa 24 December 1968, dziko lapansi likutuluka kuseri kwa mwezi, kampira kabuluu kopanda malire a mayiko, chimandichititsabe tsemwe. Koma nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ina.

Pa 28 January 1986, chombo cha Challenger chinanyamuka ku Florida ndi anthu asanu ndi awiri. Mmodzi anali Christa McAuliffe, mphunzitsi wamba, amene anasankhidwa kuti akaphunzitse ana ali kumwambako. M'masukulu ambiri ana anakhala pansi kuonera pa TV. Patangotha masekondi 73, chombocho chinasweka ana aja akuona, ndipo onse amene anakwera anafa. Chinalakwika n'chiyani? Kamkombero ka labala kotseka polumikizira roketi. Kukazizira labala amauma, satseka bwino, ndiye mpweya wamoto unapeza potulukira. M'mawa umenewo kunazizira mpaka pansanja yonyamukira panali madzi oundana.

Chondipweteka n'chakuti zinkadziwika. Usiku wake, mainjiniya a kampani imene inapanga maroketiwo, mmodzi mwa iwo Roger Boisjoly, anachenjeza kuti chombo chisanyamuke kukuzizira chotero. Koma ulendo unali utaimitsidwa kale kangapo, dziko lonse likudikira, ndipo mabwana anavomera kuti chinyamuke. Pa kafukufuku, wasayansi Richard Feynman anangotenga kachidutswa ka labalayo, n'kukafinya, n'kukaviika m'kapu ya madzi ozizira kwambiri pamaso pa makamera. Atakatulutsa sikanabwerere msanga mmene kanalili. Kapu imodzi ya madzi inaonetsa zimene misonkhano ya mabwana inakana kumva. Ndiye mu 2003 chombo cha Columbia chinaswekanso pobwerera, ena asanu ndi awiri n'kufa, chifukwa cha vuto la zidutswa zothothoka pa thanki ya mafuta lomwe akuluakulu anali atalizolowera.

N'chifukwa chake wandale akamalonjeza tsiku lokaimika mbendera kumwamba, ine ndimafunsa chimodzi: kodi injiniya wamng'ono akanena kuti "ayi, sizinakonzeke," amumvera kapena amuchotsa ntchito? Ophunzira anga ndimawauza zomwezo. Lembani nambala imene chipangizo chaonetsa, osati imene mukufuna kuti chionetse.

Tsopano za akathyali, poti achuluka. Pa intaneti pali ogulitsa "malo pa mwezi," satifiketi yake yokongola ndithu. Pangano la mayiko la 1967 limaletsa dziko lililonse kutenga mwezi kukhala wake, ndiye wogulitsayo malowo anawapeza kuti? Enanso amati mukalipira atcha nyenyezi dzina la mkazi wanu. Mayina ovomerezeka a nyenyezi amapereka ndi bungwe la International Astronomical Union, ndipo siligulitsa. Mwagula pepala.

Oipitsitsa ndi aja a mavidiyo onena kuti munthu sanapondepo pa mwezi, zonse anajambulira m'nyumba. Anthu 12 anayenda pa mwezi pakati pa 1969 ndi 1972, n'kubwerako ndi miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382, zimene asayansi a mayiko osiyanasiyana akuzifufuzabe. Anasiyako magalasi obweza kuwala, ndipo mpaka lero akatswiri amawombako kuwala kwa laser poyeza mtunda wa pakati pa dziko ndi mwezi. Soviet Union, imene ikanasangalala kwambiri kugwira America bodza, inali ndi zida zolondolera maulendowo ndipo sinatsutse. Chaka chatha mnyamata wanzeru kwambiri m'kalasi mwanga anandionetsa vidiyo yotere pafoni, akumwetulira ngati wandigwira. Anali ataitumizira kale anzake onse, ndipo amene anamutumizira iye anali bambo ake.