Hegemony, superpower, veto: mawuwa amatanthauzanji?

Kodi "hegemony" n'chiyani?

Mawuwa anachokera ku Chigiriki, komwe "hegemon" anali mtsogoleri. Kuyambira mu 478 BC, mzinda wa Athens unkatsogolera mizinda inzake polimbana ndi Aperisi, koma mapeto ake unayamba kutolera msonkho kwa anzake omwewo. Ndiye tanthauzo lake ndi kukhala pamwamba pa ena, iwo n'kumakutsatira, iwe osawalanda dziko.

Antonio Gramsci, Mtaliyana amene boma la Mussolini linamutsekera mu 1926, anazamitsa nkhaniyi. Iye ankaona kuti wolamulira amakhazikika olamulidwawo akafika pokhulupirira kuti mmene zinthu zilili ndi mmene ziyenera kukhalira. Chikoti chimakhalapo ndithu, koma chopachikidwa kuseri kwa chitseko.

Si chimodzimodzi ndi "imperialism"?

Ayi. Iyi kwenikweni ndi ya atsamunda: mbendera, bwanamkubwa ndi msonkho, monga Britain inayambira kuno ku Malawi mu 1891.

Nanga "superpower"?

Ndi dziko limene asilikali ake ndi chuma chake zimafika kulikonse. William Fox, katswiri wa maphunziro a ndale wa ku America, anatchukitsa mawuwa mu 1944 ponena za America, Britain ndi Soviet Union. Britain inachepa mphamvu poyera mu 1956, America itaikakamiza kuchoka ku ngalande ya Suez ku Egypt, ndipo Soviet Union inapasuka mu 1991. Za China anthu akukanganabe.

Kodi mphamvuzi zinalembedwa penapake ngati lamulo?

Inde, ndipo apa m'pamene pali "veto", mawu a Chilatini otanthauza kuti "ndikuletsa". Khonsolo yoona za chitetezo ya United Nations ili ndi mayiko 15, ndipo chigamulo chimafuna mavoti 9. Koma pa nkhani zikuluzikulu, dziko limodzi mwa asanu okhazikika likakana, basi zathera pomwepo, ngakhale ena 14 onse atavomera. Asanuwo ndi America, Britain, China, France ndi Russia. Kungokhala osavota sikuletsa chigamulo. Chodabwitsa n'chakuti gawo 27 la malamulo a bungweli, lomwe limapereka mphamvuyi, silitchula n'komwe mawu akuti veto.

Africa ingalowe nawo?

Mu 2005 mayiko a mu Africa anagwirizana ku Ezulwini, m'dziko la Eswatini, zofuna mipando iwiri yokhazikika yokhala ndi veto. Vuto n'lakuti kusintha malamulowo kumafunika kuvomerezedwa ndi asanu omwe aja, aliyense payekha. Mpaka pano mipandoyo sinapezeke.