Nkhata ya labala imene inatsika m'sitima

Mu 2029 malo osambirako a Rappenwört, m'mphepete mwa mtsinje wa Rhine mumzinda wa Karlsruhe ku Germany, adzakwanitsa zaka 100. Kwa ambirife si nkhani yoti n'kutaya nayo tulo. Koma kwa Ajeremani amene amasewera masewera oponyerana nkhata ya labala pamwamba pa neti, pamalo amenewa m'pamene amati panakwiriridwa mchombo wa masewera awo. Ndipo chakacho chikamayandikira, funso lakale lija likudzukanso: kodi masewerawa mwini wake ndani?

Dzina lokha likukuuzani kuti pali kukokanakokana. Ku Germany ndi ku South Africa amati ringtennis. Ku India amati tennikoit. Bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse limalemba tenniquoits. Agogo amene anakwerapo sitima zikuluzikulu zapanyanja ankangoti deck tennis. Mwana mmodzi, maina anayi, ndipo aliyense amene anamutcha dzina amati ndi wa kwawo.

Kwa amene sanawaonepo, tangoganizani nkhata imene amayi amaika pamutu posenza ndowa, koma ya labala, yolemera magalamu pafupifupi 200. Pakati pa bwalo pali neti. Mnzako akaponya, uyenera kuwakha ndi dzanja limodzi, ndipo dzanja lomwelo libweze nkhatayo nthawi yomweyo, poponya kuchokera m'munsi kuti ikwere isanatsike. Kuisinthira ku dzanja lina n'kulakwa. Ikatsetsereka n'kukulowa m'mkono ngati chibangili, kapena ikakugunda pachifuwa, wataya pointi. Ikamapita ikugwedezeka uku ndi uku m'malo mozungulira bwinobwino, woimbira amaimitsa. Amasewera awiri, kapena anayi. Poonera patali umayesa masanje a ana, koma yesani kuthamangira kumbuyo kwa bwalo, kuwakha ndi zala zokha, kenako mnzanu n'kuigwetsera pafupi ndi neti. Mphindi zisanu zokha thukuta lili kamukamu.

Nkhani imene Ajeremani amasimba ndi yomveka bwino, ili ndi dzina la munthu, malo ndi chaka. Hermann Schneider anali mmodzi wa mameya a Karlsruhe, woona za zomangamanga. M'zaka za m'ma 1920 anakwera sitima kupita ku New York, ndipo paulendowo anaona apaulendo anzake akuponyerana nkhata pamwamba pa neti. Anabwera nawo kwawo masewerawo. Mpaka apa palibe amene amatsutsa. Vuto limayamba pamene nkhaniyi yafupikitsidwa m'zolembalemba za masiku ano n'kungotsala kuti "masewerawa anayambira ku Germany". Koma nkhani ya eni akeyo ikunena yokha kuti Schneider anawapeza akuseweredwa kale. Munthu amene wabwera ndi mbewu kuchokera kuulendo sitimuti ndiye analenga chimanga.

Choncho tibwerere m'sitimamo.

Ndege zisanatenge malo, ulendo wochokera ku Southampton ku Britain kukafika ku Cape Town pa sitima za Union-Castle unkatenga pafupifupi milungu iwiri. Wopita ku Bombay kudzera mu ngalande ya Suez, imene inatsegulidwa mu 1869, ankakhalanso pamadzi milungu ingapo. Atsamunda ndi amishoni ambiri obwera ku Nyasaland ankatsikira ku Beira, kutali kuposa pamenepo. Anthu mazanamazana, okhuta katatu patsiku, opanda ntchito, atatsekeredwa pamalo amodzi. Ankafuna choti achite, ndipo kwawo anali atazolowera tenesi, imene inafala ku Britain kuyambira m'ma 1870. Koma mpira ndi sitima siziyenderana. Ukadunda kamodzi molakwika wapita m'nyanja, ndipo palibe kaputeni amene angaimitse sitima chifukwa cha mpira. Ngakhale usagwere m'madzi, sitima ikapendekeka pang'ono mpira umagubuduzika mpaka kukalowa pansi pa mipando ya anthu ogona.

Nkhata siichita zimenezo. Ikagwa imangoti phwa, n'kukhala pomwepo. Ndipo m'sitima nkhata zinalimo kale. Angerezi anali ndi masewera akale otchedwa quoits, oponya mikombero yachitsulo kuti ikakole pachikhomo chozikidwa pansi. M'sitima chitsulo chikanaononga matabwa, motero ankagwiritsa ntchito nkhata zachingwe. Kupanga nkhata yotereyi inali ntchito ya tsiku ndi tsiku ya amalinyero. Umatenga chingwe cha nkhosi zitatu, n'kupombosolako nkhosi imodzi yaitali kupitirira katatu kuzungulira kwa nkhata imene ukufuna. Umaipinda kuti ipange mkombero, kenako n'kumaipombeza m'mizere yake yomwe, kuzungulira kachiwiri, kachitatu, mpaka itaoneka ngati chingwe chathunthu chopanda poyambira. Nsonga ziwirizo umazilowetsa m'kati. Mmalinyero wozolowera amachita zimenezi akucheza. Tsiku lina munthu wina anatenga nkhata ya quoits, m'malo moiponyera pachikhomo anaiponyera mnzake pamwamba pa chingwe chomangidwa pakati. Tennis kuphatikiza quoits, ndiye tenniquoits.

Munthu ameneyo dzina lake silinalembedwe. Mbiri ya moyo wa m'sitima zimenezi inatsala m'makalata a apaulendo, m'zithunzi ndi m'timapepala totsatsa ulendo, ndipo zonsezi zimaonetsa bwana ndi dona atavala zoyera akusewera. Amene ankajambula mizere pamatabwa m'mawa uliwonse, kumanga neti, ndi kupota nkhata ina ikagwera m'madzi, saoneka pachithunzi. Pa sitima za makampani a P&O ndi British India, ambiri mwa antchito amenewa anali amwenye, amene Angerezi ankawatcha lascars. Sindikunena kuti iwo ndiwo anayambitsa masewerawa, umboni wa zimenezo palibe. Ndikungoti pamene tikufunafuna dzina loti tilembe pachikwangwani, manja amene anapota nkhata yoyamba sitiwawerengera n'komwe.

Pali umboni wina umene ine ndimaukhulupirira kuposa nkhani zapakamwa, ndipo uli pabwalo penipenipo. Bwalo la anthu anayi ndi lalitali mamita 12.2, m'lifupi mamita 5.5. Mjeremani wa mu 1929, amene dziko lake linali litagwiritsa ntchito mamita kwa zaka zoposa 50, akanati ayambe yekha, bwenzi atasankha 12 ndi 6, kapena 12 ndi 5. Manambala a 12.2 ndi 5.5 amenewa amangomveka ukawasandutsa mafiti: 40 m'litali, 18 m'lifupi. Muyeso wa Angerezi, wa m'sitima. Bwalolo likuulula lokha kumene linachokera.

Tsono ngati zili choncho, Karlsruhe akunyadira chiyani? Apa m'pamene ndiyenera kuwapatsa zawo, chifukwa zimene zinachitika mu 1929 si zazing'ono.

Germany ya nthawi imeneyo inali itagwidwa ndi maganizo akuti munthu wamba wa m'tauni, wogwira ntchito m'fakitale, wogona m'nyumba zamdima, ayenera kupeza kuwala, mpweya wabwino ndi dzuwa. Schneider anali m'gulu la okhulupirira zimenezi, ndipo anali ndi mphamvu zozichita. Chaka chomwecho cha 1929, mzinda wake unatsegula nyumba za Dammerstock, zimene mpikisano wa mapulani ake anapambana ndi Walter Gropius, yemwe anayambitsa sukulu ya luso ndi zomangamanga ya Bauhaus. Unatsegulanso Rappenwört, pachilumba cha mu Rhine, n'kufikitsako njanji ya sitima zam'tauni kuti wopanda galimoto akafike. Pamalo osambirawo anayalapo mabwalo ambiri a ringtennis. Apa ndiye pagona nkhani. Masewera amene anali a anthu okwanitsa tikiti ya ku New York anafika m'manja mwa kalaliki, wosoka nsapato ndi mwana wa sukulu, Lamlungu masana, atavala zosambira.

Nthawi yakenso inagwirizana nawo mwangozi. Mu Okutobala 1929 msika wa masheya ku New York unagwa, ndipo pofika 1932 anthu osowa ntchito ku Germany anali pafupifupi 6 miliyoni. Tenesi inkafuna chomenyera, mipira, nsapato ndi ndalama ya kalabu. Ringtennis inkafuna nkhata imodzi, chingwe ndi mitengo iwiri. Nthawi anthu anali nayo yambiri kuposa mmene ankafunira. Kuchokera pamenepo kunabwera mipikisano, makalabu ndi malamulo olembedwa, zinthu zimene m'sitima sizikanamera, pakuti anthu a m'sitima amabalalika ikangokocheza. Ajeremani anafika posewera moyang'ana wotchi, zigawo ziwiri, wochuluka mapointi nthawi ikatha ndiye wapambana. Masewerawa anakondedwanso kwambiri m'makalabu a anthu okonda kuothera dzuwa ali chibadwire, amene ku Germany ndi ambiri ndithu, ndipo ena amasewerabe mpaka lero. Zimenezo tizisiye pomwepo.

Zaka zotsatira sizifuna mawu ambiri. Nkhondo inadza n'kupita, masewerawa anatsala aang'ono, ndipo lero ku Germany ali pansi pa Deutscher Turner-Bund, bungwe lalikulu la masewera olimbitsa thupi.

Chimene nkhani ya Karlsruhe imalephera kufotokoza ndi India ndi South Africa. Palibe chosonyeza kuti maiko awiriwa anadikira meya wa ku Germany. Anali ndi madoko awo, Madras, Bombay, Cape Town, Durban, kumene sitima za ku Britain zinkakocheza mosalekeza, ndipo n'zomveka kuti nkhata inatsika m'chikwama cha mphunzitsi kapena msilikali ngati mmene inatsikira m'chikwama cha Schneider. Ndinenetse kuti apa ndikulumikiza mfundo, chifukwa tsiku ndi dzina la amene anatsika nayo palibe analisunga. Koma taonani dzina la ku India: tennikoit ndi tenniquoit wa Angerezi, si mawu achijeremani. Amwenye amawerenganso mapointi mpaka 21, osati wotchi. Kumwera kwa India, makamaka Tamil Nadu ndi Andhra Pradesh, masewerawa analowa m'masukulu, atsikana n'kuwatenga ngati awo, ndipo dzikolo lili ndi bungwe lake la Tennikoit Federation of India. Ku South Africa anazika mizu kwambiri pakati pa olankhula Afrikaans, ndipo dzina lakuti ringtennis limene amagwiritsa ntchito ndi limene Ajeremani angaloze n'kunena kuti mwaona. Mwina ali ndi mfundo. Mwinanso ayi, popeza mawu akuti ring ndi amodzimodzi m'Chingerezi, m'Chijeremani ndi mu Afrikaans.

Nthambi zitatuzi zinakula payokhapayokha kwa zaka zambiri, neti yosiyana kutalika, kawerengedwe kosiyana. Zinadzakumana mochedwa. Bungwe la World Tenniquoits Federation linakhazikitsidwa mu 2004, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitika mu 2006 ku Chennai, womwe ndi Madras wakale uja. Wachiwiri unali ku Koblenz ku Germany mu 2010, wachitatu ku Vanderbijlpark m'chigawo cha Gauteng ku South Africa mu 2014, kenako Minsk ku Belarus mu 2018 ndi Pretoria, ku Gauteng komweko, mu 2023. Pamwamba amalimbirana kawirikawiri ndi Germany ndi South Africa, India ili m'mbuyo mwawo ngakhale kuti osewera ake ndi ochuluka. Abale athu okhala ku Gauteng mpikisano wa dziko lonse unawadutsa pakhomo kawiri, ndipo ndikukayika ngati ambiri anamva n'komwe.

Chondisangalatsa n'chakuti pamene anakhala pansi kuti asankhe dzina la bungwe lawo, sanatenge ringtennis. Anatenga tenniquoits, dzina limene likusungabe quoits wa m'sitima m'kati mwake. Kaya anachita dala kaya anangofuna dzina losakondera mbali, mlanduwo anaugamula osadziwa.

Kwawo kwenikweni kwa masewerawa kunali kutatha kale nthawi imeneyo. Ndege za jeti zitayamba kuoloka Atlantic mu 1958, sitima zonyamula anthu zinayamba kugulitsidwa imodziimodzi. Za Union-Castle, zimene kwa zaka zambiri zinkanyamuka ku Southampton Lachinayi lililonse 4 koloko masana, zinasiya ulendo wa ku Cape Town mu 1977. Rappenwört akadalipo, ndipo sitima yam'tauni imafikabe pachipata.