Chimasomaso china chimayambira pa chilonda cha ubwana

Amuna amene amabwera kwa ine kudzalandira uphungu pa vuto lolephera kudziletsa pa zogonana sayamba ndi za ubwana wawo. Amayamba ndi mameseji amene mkazi wawapeza kachitatu, ndalama ya fizi yothera kumalo ogona alendo, kapena zolaula za pafoni mpaka tambala kulira. Mmodzi anandiuza kuti sasangalala nazo n'komwe, akamaliza amadzinyansa, koma mawa lake wabwereranso. Tinakumana kanayi asanatchule za mtsikana wantchito amene ankamukokera kuchipinda iye ali ndi zaka 9. Sanaitche nkhanza. Anati ndiye anamuphunzitsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika vuto lolephera kudziletsa pa zogonana m'buku lake la matenda, ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Sikuti aliyense wokonda zogonana ndi wodwala ayi. Timayang'ana ngati munthu wayesayesa kusiya koma akulephera kwa miyezi 6 kapena kuposa, banja, ntchito ndi thanzi zikuwonongeka iye akuona. Kungodziimba mlandu chifukwa cha chiphunzitso cha mpingo sikukwanira.

Nanga ubwana ukubwera pati? Kafukufuku wa nkhanza kwa ana wa mu 2013 anapeza kuti m'Malawi mnyamata mmodzi mwa 7 alionse anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Ena sanauze munthu. Akanauza ndani? Ngati wochita zimenezo ndi mkazi wamkulu, anzake amati wachita mwayi. Ngati ndi mwamuna mnzake, mwanayo amaopa dzina limene amupatse. Chosokoneza kwambiri n'chakuti thupi lake mwina linadzuka panthawiyo, ndiye amakula akukhulupirira kuti anafuna yekha. Thupi limangoyankha likakhudzidwa, monga diso limatulutsa misozi ndi utsi. Kumeneko si kuvomera.

Mu 1985, akatswiri a kafukufuku David Finkelhor ndi Angela Browne anafotokoza kuti mwana wotere amaphunzitsidwa zogonana nthawi isanakwane, amaperekedwa ndi munthu amene ankamudalira, amasowa mphamvu zodziteteza, n'kusenza manyazi. Ine pantchito yanga ndimaona kwambiri ziwiri zomalizazo. Mwamuna amene analandidwa mphamvu ali mwana amafuna kuti tsopano woyambitsa akhale iyeyo. Nkhawa ikamugwira, kugonana kumamuziziritsa mtima kwa mphindi zochepa, monga mowa umachitira kwa wina. Kenako manyazi akale aja amadzuka, ndipo mankhwala amene akuwadziwa ndi omwewo. Ife kunjaku timangoti mwamuna ndi tonde, azinunkha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Apa ndichenjeze. Ambiri amene anachitidwa nkhanza safika pa vutoli, ena amachita kuopa kukhudzidwa ndi mkazi wawo yemwe. Ambiri sachitiranso ana nkhanza, ndipo mphekesera yakuti amatero ndi imene imatseka amuna pakamwa. Komanso chilonda chakale sichifafaniza mlandu: mkazi amene wapatsiridwa matenda wavulala ndithu, ndipo ali ndi ufulu wokwiya ndi wokayezetsa.

Pothandiza sitiyamba ndi kufukula zakale. Timayamba ndi kupeza chimene chimayambitsa, kaya ndi mkangano, tsiku la malipiro kapena kugona wekha, n'kuphunzira njira zina zokhazikitsira mtima. Zaubwana timazikhudza munthu akalimba. Thandizo lotere mungalifunse kuchipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena kwa ogwira ntchito za matenda a maganizo pachipatala cha boma. Ngati pali mwana amene zikumuchitikira panopa, imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere.